Kumwamba Kukatseka: Liwu Loti "Overcast"

Inu amene mukhala ku Tsangano mulidziwa tsiku lotere. Ndi mwezi wa Juni. Mwadzuka mmamawa, mwatsegula chitseko, koma dzuwa simukuliona. Mapiri amene mumawaona masiku onse abisika. Kumwamba konse kwangoti mbuu ngati phulusa, ndipo mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Mayi amene amafuna kuyanika ufa aima pakhomo ndi mphasa yawo. Akudzifunsa kuti, "Kodi ndiyanike kapena ndileke?"

Tsiku lotere lili ndi dzina m'Chingerezi. Dzinalo ndi overcast. Mwina mudalimvapo pa wailesi nthawi ya zanyengo. Mwina mwana wanu adakuonetsani pa foni, nati, "Amayi, pano alemba kuti mawa kukhala overcast." Inu mudafunsa kuti, "Ndiye kuti kugwa mvula?" Mwanayo adangokanda m'mutu.

Tiyeni tilione bwino liwuli. Ndi liwu limodzi lokha, koma mlimi wa mbatata ya kachewere akalimvetsa lingamupulumutsire munda.

Tiyambe ndi kuliwerenga

Tengani pensulo ndi kope lanu. Lembani malembo awa: O V E R C A S T. Awerengeni. Alipo 8. Nambala imeneyi muisunge, tidzaifunanso kutsogoloku.

Eni ake amalitchula ngati o-va-kasti. Lembo la R silimveka kwenikweni. Lembo la C amalitchula ngati K. Izi zisakudabwitseni. M'Chichewa C amayenda ndi H, monga m'mawu oti chimanga ndi chaka. M'Chingerezi C amatha kuima yekha, ndipo kawirikawiri amalira ngati K.

Tsono liwuli lidulireni pakati. Mupeza mawu awiri. Loyamba ndi over, kutanthauza pamwamba pa chinthu. Lachiwiri ndi cast, kutanthauza kuponya. Mukawalumikiza mupeza ganizo la kuponya chinthu pamwamba pa chinzake mpaka chapansicho chiphimbike.

Ganizani za mwana amene wagona pamphasa usiku wozizira. Amayi ake atenga bulangete, alitambasula, aliponya pa mwanayo. Mwana uja saonekanso, mutu ndi miyendo yomwe. Chithunzi chake nchimenechi. Angerezi akale adaona thambo litaphimbika ndi mitambo kuyambira kuvuma mpaka kuzambwe, ndipo adati laponyeredwa chofunda. Liwuli lidayamba kulembedwa ponena za nyengo cha m'ma 1300. Ndiye kuti papita zaka zoposa 700 anthu akulitchula.

Atelala nawonso ali nalo liwu lomweli. Akamasoka m'mphepete mwa nsalu, ulusi nkumadumphira pamwamba pa m'mphepetemo kuti nsalu isayoyoke, msoko wotero m'Chingerezi amautchanso overcast. Ganizo lake ndi lomwe lija, kuponya pamwamba.

Ife timati kumwamba kwatseka, kapena kuti kunja kuli mitambo yokhayokha. Anzathu a tsidya la malire, ku Tsangano wa ku Mozambique ndi ku Angónia, akamva zanyengo m'Chipwitikizi amamva liwu loti encoberto. Nalonso litanthauza chophimbika. Zilankhulo nzosiyana, koma maso a anthu adaona chinthu chimodzi.

Liwu lobwera ndi alendo

Mwina muganiza kuti Chingerezi chidayamba chokha, chosabwereka kwa munthu. Ayi ndithu. Liwu loti cast si la Angerezi enieni. Lidabwera ndi alendo.

Kumpoto kwa Ulaya kuli mayiko a Norway ndi Denmark. Kale anthu a kumeneko adali akatswiri a mabwato ndi nkhondo. Amatchedwa ma Viking. M'chaka cha 793 adafika pa chilumba cha Lindisfarne ku England nafunkha nyumba ya amonke. Adabweranso kambirimbiri. M'chaka cha 866 adalanda mzinda wa York. Koma nkhondo siikhalitsa. Patapita nthawi alendowo adakhazikika, adayamba kulima, adakwatira akazi a komweko. Ana awo adakula akumva zilankhulo ziwiri. Pomaliza chilankhulo cha alendo chidazilala, koma chidasiya mawu ambiri m'Chingerezi. Limodzi mwa mawuwo ndi kasta, kuponya, limene lidasanduka cast.

Kwa inu a ku Ntcheu nkhaniyi si yachilendo. Angoni adafika kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi zishango zawo ndi chilankhulo chawo. Adakwatira akazi Achichewa, ndipo ana adatenga chilankhulo cha amayi awo. Lero olankhula Chingoni ndi ochepa, koma mawu onga inkosi ndi nduna tili nawo. Apwitikizi nawonso adatisiyira awo. Nsapato, kalata, zenera, ngakhale mbatata imene mulimayo, onsewa ndi mawu ochokera ku Chipwitikizi. Ena a inu zenera mumati windo. Liwu limenelo tidatenga kwa Angerezi, koma Angereziwo adalitenganso kwa ma Viking, ndipo kwa eni ake linkatanthauza diso la mphepo. Mawu amayenda ulendo wautali kuposa anthu.

Pali china chokondweretsa. Thambo m'Chingerezi amati sky. Liwu ilinso ndi la ma Viking, koma kwa iwo linkatanthauza mtambo. Anthu amati nchifukwa choti kumeneko mitambo siichoka, munthu akayang'ana kumwamba amangoona mitambo basi. Kaya nzoona kaya nzocheza, koma nzomveka. Nanga mtambo? Mtambo amati cloud. Kale liwu limeneli linkatanthauza chimwala chachikulu kapena phiri. Anthu adaona mitambo itaunjikana ngati mapiri a miyala, nayamba kuitchula ndi dzina la phiri. Inu amene mumaona mitambo itakhala pa mapiri a Kirk Range, osadziwika pothera phiri ndi poyambira mtambo, simungawatsutse.

Abale ake a liwuli

Mukadziwa kuti cast ndi kuponya, mwatsegula makomo enanso. Msodzi wa ku Mangochi akaponya ukonde, m'Chingerezi amati cast. Tsiku la chisankho timati tikukaponya voti. Angerezi nawo amatero ndi liwu lomweli.

Pa wailesi mumamvanso liwu loti forecast. Fore ndi kutsogolo. Choncho forecast ndi kuponya maganizo kutsogolo, kunena lero za nyengo ya mawa. Amene adalitchukitsa pa zanyengo ndi Robert FitzRoy, mkulu wa sitima za pamadzi wa ku England. Mu Okutobala 1859 namondwe adaswa sitima yotchedwa Royal Charter m'mphepete mwa nyanja ku Wales, ndipo anthu oposa 400 adafa. FitzRoy adaona kuti anthu ayenera kuchenjezedwa nyengo yoipa isanafike. Pa 1 Ogasiti 1861 nyuzipepala ya The Times idasindikiza ulosi wake woyamba wa nyengo. Ambiri adamuseka pamene ulosiwo udalephera. Mpaka lero a zanyengo timawaseka akalakwitsa, koma tikamva kuti kukubwera namondwe timatchera khutu.

Lina ndi broadcast. Ili ndi liwu la alimi. Broad ndi ponseponse. Broadcast kudali kuwaza mbewu ndi dzanja m'munda monse, monga achitira ena pofesa tirigu kapena mawere. Wailesi itabwera, anthu adaona kuti imawaza mawu ponseponse ngati mbewu, naipatsa dzina lomwelo. Lembo la B mu MBC liimira liwu limeneli. Tsono MBC ikamaulutsa zanyengo nkunena kuti mawa kukhala overcast, pamenepo pali kuponya kutatu: kuponya mawu ponseponse, kuponya maganizo kutsogolo, ndi kuponya chofunda pa thambo.

Mmene a zanyengo amayezera

A zanyengo salitchula liwuli mwachisawawa. Ali ndi muyeso wake umene amatsata pa dziko lonse.

Woyeza amaima pabwalo poyera. Amayang'ana kumwamba nkugawa thambo m'maganizo mwake m'zigawo 8, monga mugawira chigumu kwa ana 8. Kenaka amawerenga zigawo zimene zili ndi mitambo. Ngati palibe mtambo amalemba 0. Ngati mitambo yaphimba theka amalemba 4. Ngati yaphimba pafupifupi ponse koma pali kampata koonekera thambo, amalemba 7. Akalemba 8 ndiye kuti palibe mpata ngakhale waung'ono. Pamenepo pokha ndi pamene amati overcast.

Mwaikumbukira nambala ija? Malembo 8, zigawo 8. Izi zidangochitika mwamwayi, koma zikuthandizani kuti musaiwale.

Inunso mungathe kuyeza. Sipafunika makina. Mawa mmamawa tulukani panja, yang'anani kumwamba, nimulembe nambala m'kope lanu pamodzi ndi tsiku lake. Mukachita izi mwezi wathunthu mudzakhala ndi buku lanu la zanyengo, ndipo dzanja lidzazolowera kulemba manambala.

Mukamva kuti partly cloudy ndiye kuti mitambo ilipo koma dzuwa lizituluka. Mukamva kuti mostly cloudy ndiye kuti mitambo yachuluka, dzuwa lizingosuzumira. Overcast ndi kutseka kwenikweni.

Kodi ndiye kuti kugwa mvula?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Liwuli silinena za mvula. Linena za mitambo yokha. Kungathe kukhala overcast tsiku lonse osagwa ngakhale dontho.

Mitambo yakuda ili mitundu iwiri, ndipo inu mumaidziwa yonse. Wina ndi mtambo wa mu Novembala ndi Disembala. Mmamawa dzuwa limaswa mtengo. Masana mtambo umakwera ngati chulu chachikulu, pamwamba poyera, pansi pakuda bii. Kenaka mphepo, ziphaliwali, mabingu, mvula yamphamvu, mwina ndi matalala omwe. Pakapita ola limodzi kwayera. Mtambo wotere ndi wautali kwambiri, umatha kupitirira makilomita 10 kupita kumwamba. Kuwala kwa dzuwa kumalephera kuubowola, nchifukwa chake pansi pake pamada chotero. Kuda kwa mtambo si utoto ayi, ndi mthunzi wake womwe. Koma mtambo umenewu nthawi zambiri umaphimba mbali imodzi ya thambo. Kumbali kwina kumakhala koyera. Umenewo si overcast.

Mtundu wachiwiri ndi woyala ngati mphasa. Uli pafupi ndi nthaka, suli wakuda kwambiri, ndi wotuwa ponseponse. Ulibe mabingu. Ukagwetsa mvula ndi yowaza, kapena mvumbi wosakata masiku angapo. Umenewu ndiye mwini dzina.

Choncho mukamva liwuli, mverani mawu oyenda nalo. Akati drizzle ndi mvula yowaza. Akati fog ndi nkhungu. Akati heavy rain ndi mvula yamphamvu, ndipo pamenepo musachedwe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adatseka thambo masiku angapo m'chigawo cha kummwera, mvula osaleka. Mapiri adagumuka ku Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Thambo lotseka la nthawi ya dzinja lokhala ndi chenjezo la mvula yamphamvu si lofanana ndi la mu Juni.

Liwu lathu limene lidalowa m'Chingerezi

Kutseka kwa mu Juni ndi Julayi kuli ndi dzina lake kuno kwathu. Ndi chiperoni. A nthambi yoona zanyengo, ngakhale akulemba m'Chingerezi, amalemba Chiperoni momwemo. Mngerezi wa ku London salidziwa liwuli, koma wa ku Blantyre amalidziwa. Apa ndiye kuti Chingerezi chabwereka kwa ife.

Dzinali lidachokera ku phiri. Ku Mozambique, m'boma la Milange, kummwera kwa phiri la Mulanje, kuli phiri lotchedwa Chiperone. Ndi lalitali mamita oposa 2,000. Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo amaona mitambo yozizirayi ikuchokera cha kumeneko, ndipo nyengoyo idatenga dzina la phirilo. Taonani, Angerezi adatcha mtambo ndi liwu la phiri, ifenso tidachita chimodzimodzi.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imaomba kuchokera kummwera chakuvuma, ku nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Ndi mphepo yomwe ija asodzi a pa nyanja ya Malawi amaitcha mwera. Masiku ena imabwera itasenza chinyezi chambiri. Ikafika pa mapiri imakwera. Mpweya ukakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse. Mpweya wozizira sungasunge chinyezi chambiri. Chinyezicho chimasanduka timadontho ting'onoting'ono, ndiye mtambo ndi nkhungu zimenezo. Muli nacho chitsanzo m'khitchini. Mukavundukula mphika wa nyemba, pansi pa chivundikiro pamakhala madontho a madzi. Nthunzi yakumana ndi chinthu chozizira.

Nchifukwa chake malo okwera monga Tsangano, Dedza ndi Thyolo amatseka, pamene ku Bwanje ndi ku Balaka anthu akuotha dzuwa. Munthu atha kuchoka ku Tsangano atavala jekete ziwiri, nkukafika ku Balaka thukuta lili kamukamu. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amakondwa nacho chiperoni, chifukwa amalandira chinyezi nthawi imene kulibe mvula.

Thambo lotseka ndi mbatata yanu

Tsopano tifike pa nkhani ya m'thumba. Ku Tsangano mbatata ya kachewere ndiyo fizi ya ana, ndiyo malata, ndiyo feteleza wa chimanga. Matumba amene amakwezedwa pa Tsangano Turn-off amakadyetsa Blantyre ndi Lilongwe. Mdani wamkulu wa mbatatayi ndi chiwawu, ndipo chiwawu ndi bwenzi la thambo lotseka.

Matendawa amayamba ndi kanthu kamoyo kakang'ono kofanana ndi chuku. Timbewu take sitioneka ndi maso. Timauluka ndi mphepo kuchoka m'munda wina kupita m'munda wina. Tikagwera pa tsamba louma sitingachite kanthu. Timafuna tsamba lonyowa kwa maola angapo kuti timere ndi kulowa m'kati. Dzuwa ndi mdani wake kawiri. Limaumitsa masamba, ndiponso limapha timbewuto tikadali m'malere. Tsono kumwamba kukatseka, mame sauma mpaka masana, nkhungu imanyowetsa masamba, ndipo timbewu timayenda ulendo wautali tili moyo. Makolo adatchula bwino. Nkhungu ya m'mapiri ndi nkhungu yomera pa chakudya adazipatsa dzina limodzi.

Ku Britain akatswiri ali ndi lamulo lochenjezera alimi, limene adayamba kutsata mu 2017. Amati kukakhala masiku awiri otsatizana a chinyezi chambiri kwa maola 6 pa tsiku, usiku osazizira kufika pansi pa madigiri 10, chiwawu chili pakhomo. Onani kuti matendawa safuna kuzizira koopsa, safunanso kutentha. Amafuna pakatikati. Ndiye kuti nthawi yoopsa kwambiri kwa inu ndi ya mvumbi, mu Janyuwale, Febuluwale ndi Malichi. Koma mbatata ya kudimba nayonso imagwidwa chiperoni chikakhalitsa.

Musachipeputse chiwawu. Mbatatayi ena amaitcha airishi, kutengera dziko la Ireland, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America. Ku Ireland anthu osauka ankadalira mbatata yokhayi, monga ife tidalira chimanga. Dziko lawo ndi la mitambo ndi mvula yowaza. M'chaka cha 1845 chiwawu chidafika. Minda idada m'masiku ochepa, mbatata idaola m'nthaka ndi m'nkhokwe momwe. Chaka chotsatira zidabwerezanso. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni adali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni adali atathawira ku America ndi kwina. Nthawi imeneyo anthu sankadziwa chimene chikuononga mbatata. Ena ankati ndi mpweya woipa. Inu lero mukuchidziwa, ndipo mankhwala ake alipo.

Tsono mukamva kuti kukhala overcast masiku awiri kapena atatu, pitani kumunda mmamawa. Yang'anani masamba, makamaka a m'munsi. Mukaona madontho akuda ooneka ngati tsamba lapsa ndi madzi otentha, litembenuzeni. Ngati kunsi kwake, m'mbali mwa dontholo, kuli zoyera ngati ufa, chimenecho ndi chiwawu. Nyengo ikachilola chitha kutha munda wonse m'sabata ziwiri.

Pali cholakwa chimodzi chimene alimi ambiri amachita. Amadikira kuti aone matenda, ndiye athamangire kogula mankhwala. Mankhwala onga Dithane sachiza tsamba lodwala. Ntchito yake ndi kuphimba tsamba lamoyo kuti timbewu tija tisalowe. Ali ngati chishango, ndipo chishango sichithandiza mkondo utalowa kale. Nchifukwa chake ulosi wa nyengo uli wofunika. Umakupatsani tsiku limodzi kapena awiri oti mupopere thambo lisanatseke. Poperani masamba ali ouma, ndipo mankhwalawo apeze nthawi youma mvula isanagwe. Mukapopera mvula ili m'njira mwataya ndalama. Muyeso wake walembedwa pa paketi. Tsopano mumatha kuwerenga, werengani. Pamene pavuta funsani alangizi. Valani zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asakhale pafupi.

Zina sizifuna ndalama. Bandirani mizere bwino kuti mbatata ikhale pansi pa dothi lokwanira, chifukwa mvula imatsitsa timbewu kuchoka pa masamba kupita ku mbatata imene ili poyera. Musabzale mothinana, mphepo izidutsa. Zulani mbatata zomera zokha m'munda wa chaka chatha, pakuti matenda amabisala m'menemo. Kudimba thirirani mmamawa, madzi apite pa tsinde osati pa masamba. Ngati chiwawu chafika mbatata itakhwima, dulani mitengo yake nimudikire sabata ziwiri musanakumbe. Dziwaninso kuti matimati amadwala matenda omwewa, choncho dimba la matimati lingapatsire mbatata.

Bulangete lenileni

Si zonse za thambo lotseka zili zoipa. Kumbukirani chithunzi chija cha bulangete. Usiku mitambo imagwiradi ntchito ya bulangete.

Masana nthaka imalandira kutentha. Usiku imakubweza kumwamba. Ngati kuli mitambo, mitamboyo imabwezera kutentha kwina pansi. Ngati kulibe, kutentha konse kumathawa. Nchifukwa chake chisanu chowaula mbewu sichigwa usiku wa overcast. Chimagwa usiku woyera, wa nyenyezi zambiri, wopanda mphepo. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi nkukadikha m'madambo, momwe muli madimba anu. Usiku woyenera kuuopa ndi umene chiperoni changotha kumene, kumwamba kwayera mbee. Madzulo amenewo phimbani nazale yanu ndi udzu.

Kunyumba nako chenjerani. Masiku a chiperoni anthu amalowetsa mbaula m'nyumba nkutseka zitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Otherani mbaula pamalo podutsa mphepo, ndipo musagone nayo m'chipinda.

Ngati muli ndi mwana wachialubino, musamuvule chipewa poti dzuwa silikuoneka. Mphamvu ya dzuwa yotentha khungu imadutsa m'mitambo. Amene muli ndi sola mwaona kale kuti tsiku lotere batire silidzaza. Mukamva ulosi, tchajani foni ndi nyali dzuwa likadalipo.

Nanga mayi aja tidawasiya pakhomo ndi mphasa? Lero ufa wawo suuma bwino. Auyale mopyapyala pakhonde podutsa mphepo, aziutakasa, ndipo asauike m'thumba usanaume, ungachite chuku ndi kununkha. Chimanga cha m'nkhokwe chimodzimodzi, chisalowe m'matumba chili ndi chinyezi. Koma nthawi yabwino yofunsa za nyengo idali masiku atatu apitawo, asanaviike mphale. Ulendo wina mwana akadzati, "Amayi, alemba kuti overcast mpaka Lachisanu," mphale idzayambe yadikira, banja lidye mgaiwa masiku amenewo.